Funso losaloledwa pakhomo: wachinyamata akamakayika za umuna kapena ukazi wake

Pamaliro a kumudzi palibe amene amachita kuuzidwa pokhala. Amayi amalowa m'siwa atavala zitenje ndi mipango, abambo amakhala panja pamoto, anyamata amatenga makasu kulowera kumanda, atsikana ndowa kumutu ulendo wa kumjigo. Ambiri sachita kuganiza n'komwe. Koma pali mwana wina wa zaka 15 amene amaima kaye pakati pa bwalo, mtima ukumukokera mbali imene anthu sakumuyembekezera, akudziwa kuti akaphonya mudzi wonse umuona. Kaimidwe komweko kamamupezanso pamzere wa asembule, pakhomo la chimbudzi cha kusukulu, m'tchalitchi momwe amuna ali ndi mbali yawo, ndiponso m'mawa uliwonse povala yunifomu.

Munthu amene kudzimva kwake kwakhazikika mosiyana ndi zimene adalembedwa pobadwa, pa Chingerezi amati ndi transgender. Achinyamata ambiri amene tikukamba pano sanafike pa dzina lililonse, akungodzifunsa. Chowavuta n'chakuti nsima, pogona, sopo ndi zofunika za kusukulu zikuchokera kwa anthu amene funsolo safuna kulimva. Kwa mwana wotere nzeru yagona pa kusiyanitsa zimene angayese lero n'kuzisiya mawa ndi zimene zikachitika sizibwereranso. Ndipo m'gulu la zosabwereranso muli zambiri kuposa mankhwala. Mawu onenedwa pamkeka nthawi ya chakudya chamadzulo ali momwemo, chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp chilinso momwemo.

Zinthu zinayi zimene timazithira mumphika umodzi

Pali thupi, ndiye kuti ziwalo zimene namwino kapena mzamba adaona n'kulengeza kuti kwabadwa mwana wamwamuna kapena wamkazi, pamodzi ndi mahomoni ndi zina zamkati. Pali mmene munthu amadzidziwira mumtima mwake: ndine mwamuna, ndine mkazi, kapena mbali zonse sizikundikwana. Pali zakunja, monga zovala, tsitsi, kayendedwe ndi ntchito zimene amakonda. Ndiye pali amene mtima wake umamufuna pa nkhani ya chibwenzi. Mwa anthu ambiri zinayizi zimayendera limodzi, n'chifukwa chake sitiona kuti n'zosiyana. Komatu mtsikana wometa tsitsi, wodana ndi diresi, wosewera mpira wamiyendo angathe kukhala wokhutira kotheratu ndi utsikana wake. Timu ya Scorchers idatiphunzitsa kale kuti mpira suli wa amuna okha. Mnyamata wofatsa, wokonda kuphika ndi kuluka azichemwali ake tsitsi, sindiye kuti amadziona ngati mkazi. Ndipo amene amadzionadi ngati mkazi mwina za zibwenzi sanayambe n'kuziganizira komwe.

Mawu athu nawo amatisocheretsa. Liwu loti jenda tidalizolowera pa nkhani yoti amayi ndi abambo azipatsidwa mwayi wofanana, choncho mwana akalitchula makolo amamva zina. Liwu loti mathanyula, limene ambiri amathamangira, limanena za kugonana kwa amuna okhaokha ndipo ndi lonyoza. Mwana amene wangodandaula kuti siketi imamusowetsa mtendere akamva akutchulidwa choncho amatseka pakamwa, ndipo kuti adzatsegulenso pamatenga zaka.

Palinso ana amene matupi awo enieniwo adabadwa osagwera bwino mbali imodzi, ziwalo kapena mahomoni zili zosiyana ndi zozolowereka. Imeneyi ndi nkhani ina, yofunika dokotala. Mtsikana amene wafika zaka 15 kapena 16 asanayambe kusamba apite kuchipatala. Mnyamata amene mawere ake atupa pang'ono potha msinkhu asade nkhawa kwambiri, zimachitikira anyamata ambiri ndipo nthawi zambiri zimatha zokha pasanathe zaka ziwiri.

Zimene achipatala amadziwa, ndi pamene amasiyana maganizo

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidachotsa kukondana kwa amuna kapena akazi okhaokha pamndandanda wa matenda a m'maganizo mu 1990. Mu 2019 lidachitanso chimodzimodzi ndi nkhani ya kudzimva mosiyana ndi thupi lobadwa nalo, ndipo mndandanda watsopanowo udayamba kugwira ntchito mu 2022. Tanthauzo lake n'lakuti mwanayo si wamisala. Chimene achipatala amachiyang'ana ndi kuvutika kumene kumabwera nazo, kumene amakutcha gender dysphoria: kusamba mumdima kuti asadzione, kuyenda chowerama pobisa mawere, kulira mawu akayamba kukula kapena ndevu zikayamba kumera, kujomba kusukulu masiku a msambo.

Kuvutikaku kumakula potha msinkhu, nthawi imene kwa atsikana imayamba pakati pa zaka 8 ndi 13, kwa anyamata pakati pa 9 ndi 14. Apa m'pofunika kufatsa, chifukwa kudana ndi thupi pamsinkhu umenewu n'kofala. Atsikana ambiri amadana ndi mawere chifukwa ndi amene achititsa kuti madalaivala a kabaza ayambe kuwaimbira miluzu. Mwana amene adagwiriridwapo angathe kudana ndi thupi lake lonse. Wina amadana ndi ntchito zosatha zimene utsikana wamusenzetsa pamene alongo ake ali kumpira. Palibe kuyeza magazi kumene kungalekanitse zimenezi ndi kudzimva kokhazikika. Chimene chimalekanitsa ndi nthawi. Ena amakula kudzimva kwawo kuli komweko mpaka ukalamba, ena amadzazindikira kuti nkhani idali ya amene amawakonda, ena amadzakhazikika m'thupi lawo n'kumangovala ndi kukhala mosiyana ndi anzawo. Palibe amene angauze mwana wa zaka 14 motsimikiza kuti iye adzagwera kuti.

Pa mankhwala, madokotala a maiko olemera nawonso sakumvana. Ku England, kafukufuku wotsogozedwa ndi Dr Hilary Cass, amene lipoti lake lidatuluka mu April 2024, adapeza kuti umboni wa ubwino wa mankhwala oimitsa kutha msinkhu ndi wofooka, ndipo zipatala za boma kumeneko zidasiya kuwapereka mwachizolowezi. Sweden ndi Finland adachepetsanso. Mabungwe akuluakulu a madokotala ku America akupitiriza kunena kuti mankhwalawa amathandiza ana ena akaunikidwa bwino. Koma mbali zonsezi zimagwirizana pa zinthu zimene zikutikhudza kuno: mwana amvedwe, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa athandizidwe, asamenyedwe, asadzigulire yekha mahomoni.

Za mphamvu ya banja pali umboni wodziwika. Kafukufuku wa Caitlin Ryan ku California, wofalitsidwa mu 2009, adafunsa achinyamata 224 okondana ndi amuna kapena akazi anzawo. Amene adakanidwa kwambiri kwawo adapezeka kuti adayesapo kudzipha mochuluka kupitirira kasanu ndi katatu poyerekeza ndi amene kwawo sadakanidwe kapena adakanidwa pang'ono. Ndi ku America, inde, ndipo gululo silofanana ndendende ndi limene tikukamba, koma chimene chidawavulaza n'chodziwika kulikonse: kutukwanidwa, kutsekeredwa, kuuzidwa kuti wachititsa manyazi mtundu.

Zoyesa zimene zili ndi pobwerera

Poyambira pabwino ndi pamene sipaoneka. Kwa miyezi ingapo mwana azidzifunsa mafunso enieni m'malo mwa funso lalikulu loti ndine ndani. Ndi nthawi iti kwenikweni pamene mtima umawawa: posamba, potchulidwa dzina, pogawidwa ntchito, kapena amuna akamandiyang'ana? Ndikanakhala ndekha pachilumba, popanda wondiona, thupili likanandivutabe? Anyamata akanaloledwa kuvala ndi kuchita zonse zimene atsikana amachita, ndikanafunabe kukhala mtsikana? Ndikamadziona ndili ndi zaka 50, ndimaona agogo aamuna kapena aakazi? Kulemba mayankho kumathandiza kuona ngati akusintha, koma kope lotere m'nyumba yogona anthu asanu chipinda chimodzi ndi msampha. Bwino kungoika kachizindikiro pakalendala, kosonyeza tsiku lovuta ndi tsiku labwino, kamene wina akakaona angayese n'za homuweki.

Pa nkhani ya mayina, olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene Angerezi alibe. Iwo amakangana za he ndi she, ife iye ndi iye basi, ndipo mneni sasintha: wabwera, akudya, adzapita. Mayina athu ambiri ndi a onse. Chikondi, Chisomo, Mphatso, Thokozani, Chimwemwe, Yamikani, Takondwa, palibe amene angadziwe pongomva kuti ndi mnyamata kapena mtsikana. Umuna ndi ukazi umatulukira poitanana, pa achimwene ndi achemwali, ndi pa mfunda, pamene mmodzi ndi aPhiri wina Naphiri, aBanda ndi Nabanda. Choncho mwana amene dzina lake lachikhristu kapena lachisilamu limamulemera angathe kupempha anzake kuti azimuitana dzina lake lachichewa, kapena dzina lamasewera, popanda wodabwa. Si chinthu chaching'ono. Kafukufuku wa mu 2018 wa Stephen Russell, wa achinyamata 129 a transgender ku America, adapeza kuti amene ankaitanidwa dzina lodzisankhira m'malo ambiri ankakhumudwa mocheperapo ndiponso maganizo odzipha ankawabwerera mocheperapo.

Pa zovala, njira imene imayenda ndi ya pakatikati: tilakisuti, jezi ya mpira, malaya otakasuka, nsapato za masewero, chipewa. Zonsezi zili pakaunjika ndipo aliyense amavala. Tsitsi lometa ndi lamulo kale m'sukulu zambiri kwa atsikana ndi anyamata omwe. Kwa mwana wobadwa wamwamuna mpata ndi wochepa kwambiri, tisanamizane. Mtsikana wa thalauza anthu amangoti ndi wamakani, koma mnyamata wa siketi amathamangitsidwa ndi miyala. Iye ayambire pa zazing'ono: mitundu ya malaya, mafuta odzola, kusamala zikhadabo, kwaya, sewero la kusukulu kumene kuvala mbali ina kumaloledwa. Kusintha kumodzi pa nthawi, n'kudikira milungu ingapo kuona mmene pakhomo alandirira komanso mmene iye mwini akumvera. Nthawi zina chinthu chimene ankachilakalaka chaka chonse akachiyesa amapeza kuti sichinamusinthire kanthu, ndipo limenelonso ndi yankho.

Amene amati zovala za amuna ndi akazi zidaikidwa kuyambira kalekale akumbuke kuti kuyambira 1973 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 lamulo linkaletsa amayi a ku Malawi kuvala thalauza, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa pabwalo la ndege. Lero amayi a thalauza ali m'mabanki ndi m'Nyumba ya Malamulo. Koma mwana akumbukenso kuti mu January 2012 mavenda ku Lilongwe ndi ku Blantyre adavula amayi pamsewu chifukwa cha thalauza lomwelo. Depoti ya mabasi ndi msika si malo oyesera chovala chatsopano.

Pamene thupi limavulala

Atsikana ambiri amene mawere amawasowetsa mtendere amayamba kumanga pachifuwa, ndipo amayamba ndi zoopsa kwambiri: bandeji yotamuka ya kuchipatala, selotepi, chitenje chokulunga kangapo, ena mpaka mphira womangira katundu panjinga. Bandeji yotamuka idapangidwa kuti izifinya chotupa, choncho munthu akamapuma ndi kuyenda imapitiriza kuthina. Mapapo satambasuka mokwanira, nthiti zimapweteka ndipo zingathe kuthyoka, msana umawawa, khungu limatuluka zilonda. Pa kafukufuku wa mu 2017 wa anthu akuluakulu 1,800 omanga pachifuwa, 97 mwa 100 alionse adanena kuti adakumanapo ndi vuto limodzi kapena angapo. Chotetezeka ndi bra ya masewero ya saizi yake yeniyeni, osati yochepetsa, pamwamba pake vesiti ndi malaya otakasuka a mtundu wodera. Chilichonse chothina chisapitirire maola 8 pa tsiku, asagone nacho, asathamange nacho, ndipo pamlungu pakhale masiku opumira. Ayese kukoka mpweya wodzadza chifuwa. Zikakanika ndiye kuti chathina. Wa mphumu asayese n'komwe. M'mwezi wa October, makamaka ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, thukuta lotsekeredwa limabweretsa zidzolo ndipo munthu angathe kukomoka m'kalasi, kenako amene akumuthandiza ndi amene amamasula malaya n'kuona zonse.

Obadwa aamuna amene amabisa maliseche powakankhira kumbuyo ndi kabudula wothina asagwiritse ntchito selotepi, ndipo azimasula pakapita maola ochepa. Ululu wadzidzidzi, woopsa, wa mbali imodzi ya machende ndi wothamangira nawo kuchipatala nthawi yomweyo, manyazi pambali, chifukwa mtsempha ukapotoka madokotala amakhala ndi maola pafupifupi 6 okha kuti apulumutse chiwalocho. Vuto lina losaoneka ndi la ana amene samwa madzi tsiku lonse kuti asalowe chimbudzi cha kusukulu. Mapeto ake ndi matenda a chikhodzodzo, nthawi zina mpaka impso. Kuli bwino kupempha kutuluka mkati mwa phunziro, pamene kuchimbudzi kulibe anthu.

Choopsa kuposa zonse ndi mapiritsi olera. M'magulu a pa intaneti mumayenda malangizo akuti mnyamata akamamwa Microgynon amamera mawere, ndipo ena amamwa awiri, atatu pa tsiku kuti zifulumire. Imodzi mwa mahomoni a m'mapiritsi amenewa ndi ethinylestradiol, imene madokotala othandiza akuluakulu a transgender adaisiya chifukwa imachititsa magazi kuundana m'mitsempha, makamaka kwa osuta fodya. Katumba wa mwendo umodzi akatupa n'kumawawa, kapena pachifuwa pakabaya ndi kubanika, magaziwo angakhale akulowera kumapapo ndipo munthu amafa. Wofika kuchipatala anene zoona za chimene wamwa, apo ayi adzapimidwa malungo nthawi ikutha. Mawere akamera sabwereranso, ndipo amaulula chinsinsi pakhomo mwanayo asanakonzeke. Jakisoni wa homoni yachimuna yotchedwa testosterone, amene amagulitsidwa mobisa kwa onyamula zitsulo, amakulitsa mawu pa miyezi yochepa ndipo mawuwo sabwereranso. Ambiri mwa mabotolo amenewa sadziwika kuti muli chiyani, ndipo kubwerekana singano kumafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Kwa mwana amene akukulabe, mahomoni amenewa angathenso kuimitsa mafupa kutalika, ndiponso kusokoneza kubereka m'tsogolo. Wovutika kwambiri ndi msambo angathe kukakamba ndi namwino ku gawo la achinyamata la chipatala ngati vuto la msambo chabe. Pali njira zina zolera zimene zimauchepetsa kapena kuuimitsa, ndipo namwinoyo ndiye angaunike ngati zikumuyenera.

Foni

Zinsinsi zambiri zimaululika ndi foni, osati pakamwa. Foni yobwerekana ndi amayi, zithunzi za pa WhatsApp zolowa zokha mugalare, uthenga woonekera pagalasi foni ili yokiya, Facebook yoonetsa akaunti yachinsinsi kwa asuweni chifukwa idatsegulidwa ndi nambala imene iwo ali nayo. Pasiwedi sithandiza bambo akaima pamutu n'kunena kuti tsegula. Chotetezeka ndi chimene sichidasungidwe. Chithunzi cha nkhope atavala zovala za mbali ina, kapena chithunzi chamaliseche, asatumizire munthu aliyense. Njira ya akuba ndi yodziwika: amacheza mokoma kwa milungu, amapempha chithunzi, kenako amafuna ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba poopseza kuti atumiza kwa makolo ndi kusukulu. Wolipira kamodzi amapemphedwanso. Chimodzimodzi munthu wamkulu amene akuti ndimakumvetsa, bwera udzakhale kwathu mtauni, kapena ndikulipirira ulendo wa ku Joni. Munthu wamkulu wofunira mwana zabwino samuitanira kuchipinda kwake mobisa.

Kuulula kapena kudikira

Pa intaneti pamadzadza mavidiyo a ana a ku Ulaya ndi ku America akuulula kwa makolo n'kukumbatirana. Mwana wa ku Ndirande kapena ku Mchinji asatengere pamenepo. Madzi akatayika sawoleka. Kusaulula panopa si bodza ndipo si mantha, ndi kuwerengera bwino. Ayambe wamvetsera: nkhani yotere ikamveka pawailesi, bambo amati chiyani? Pamene mipingo ndi Asilamu adayenda m'misewu mu July 2023 kutsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, pakhomo padanenedwa zotani? M'nyumbamu munthu adamenyedwapo, kapena kuthamangitsidwapo chifukwa cha mimba? Ngati yankho likuopsa, kudikira mpaka atalemba MSCE, kapena atapeza pogwira, ndi nzeru.

Koma kusenza yekha n'koopsanso, choncho pafunika munthu wamkulu mmodzi. Kawirikawiri sakhala kholo. Amakhala azakhali, agogo aakazi, mchemwali wamkulu amene ali pabanja pake, nthawi zina mphunzitsi. Kwa Achewa ndi ena otsata kuchikazi, atsibweni ndiwo eni mbumba: akakhala omvetsa angathe kuletsa bambo kuthamangitsa mwana, akakhala aukali ndiwo amaitanitsa bwalo. Munthuyo ayesedwe kaye ndi nkhani ya wina, yoti kusukulu kwathu kuli mnzathu wakutiwakuti, n'kuona nkhope yake. Kwa mlangizi, mphunzitsi kapena mtsogoleri wa mpingo, funso loyamba likhale lakuti, "Zimene ndingakuuzeni mukauza ndani?" Mlangizi wophunzira ntchito yake amasunga chinsinsi, kupatula ngati moyo uli pangozi kapena mwana akuchitidwa nkhanza.

Amene watsimikiza kuulula, kapena akuona kuti zatsala pang'ono kudziwika, akonzeretu zinthu izi. Mapepala ake, ndiye kuti kalata ya kubadwa, chiphaso cha unzika ngati wakwana zaka 16, buku la kuchipatala ndi zotsatira za mayeso, akhale ndi mafotokope kwa munthu wodalirika uja. Manambala a foni awiri kapena atatu awaloweze pamtima, chifukwa foni ndiyo imayamba kulandidwa. Ndalama ya basi yokafikira kwa wachibale ikhale m'thumba, osati mufoni. Adziwiretu kumene akagone usiku umenewo. Asanene mkati mwa mkangano, kapena wina atamwa, kapena pa Khirisimasi abale atadzadza, kapena teremu ya mayeso. Ayambe ndi kholo limodzi, ndipo afotokoze zimene akumva m'malo motchula mayina a Chingerezi amene makolo amawamva ngati zochokera kwa azungu. "Amayi, pali chinthu chimene chakhala chikundisowetsa tulo kwa zaka ziwiri. Sindikupempha kuti muvomereze lero, ndikungofuna mudziwe." Mkwiyo kapena misozi ya tsiku loyamba siisonyeza mmene zidzakhalire pakatha chaka. Mwanayo wakhala nayo nkhaniyi zaka, mayiyo waimva mphindi zisanu zapitazo.

Zikavuta, zimavuta m'njira zodziwika. Mwana amatengeredwa kwa mneneri kukatulutsidwa ziwanda, kusala kudya mokakamizidwa, kapena kwa sing'anga kukatemedwa mphini ndi lezala limene latema ena. Amatumizidwa kumudzi kuti akawongoke. Mtsikana amafuniridwa mwamuna msangamsanga, ndipo choipitsitsa, ena amatumiziridwa mwamuna woti amugwirire kuti akuti adziwe ukazi wake. Palibe umboni wakuti iliyonse mwa njira zimenezi imasintha mmene munthu amadzimvera. Zimene zimaoneka ndi mwana wophunzira kunama bwino, kapena wofuna kufa. Mu 2020 katswiri wa United Nations pa nkhanizi, Victor Madrigal-Borloz, adapempha kuti machitidwe ofuna kusintha anthu moterewa aletsedwe padziko lonse. Kuno kwathu kugwiririra ndi mlandu waukulu kaya chifukwa chake n'chotani, ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa, ndipo lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limapereka kwa makolo udindo wodyetsa, kusunga ndi kuteteza mwana. Nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, ndi ya mwana aliyense. Kulinso ofesi ya zachisamaliro cha anthu paboma lililonse, ndi malo a Chikwanekwane m'zipatala zikuluzikulu kwa ogwiriridwa, kumene mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Pokadandaula, mwana anene za kumenyedwa, kuthamangitsidwa kapena kukakamizidwa ukwati. Sakakamizidwa kufotokoza za mumtima mwake kwa munthu amene sakumukhulupirira.

Lamulo lili pati

M'malamulo a milandu a ku Malawi mulibe gawo lonena kuti kudzifunsa, kapena kudzimva kuti ndiwe wa mbali ina, ndi mlandu. Zimene zimaletsedwa ndi zochita zogonana: gawo 153 lili ndi chilango chofika zaka 14, gawo 156 zaka 5 kwa amuna, ndipo gawo 137A, limene lidawonjezedwa mu 2011, zaka 5 kwa akazi. Koma boma limaona munthu monga adalembedwera pobadwa, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limanena zimenezi mwachindunji. Zotsatira zake zidaoneka pa Tiwonge Chimbalanga, amene ankadzitcha mkazi ndipo ankadziwika kuti Aunt Tiwo. Atachita chinkhoswe ndi Steven Monjeza ku Blantyre mu December 2009, khoti lidawaona ngati amuna awiri n'kuwagamula zaka 14 mu May 2010. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira patangopita masiku ochepa, pamene Ban Ki-moon, yemwe panthawiyo adali mlembi wamkulu wa United Nations, adabwera ku Malawi, ndipo Tiwonge pambuyo pake adakakhala ku Cape Town. Jana Gonani, amenenso adabadwa wamwamuna koma amadziona ngati mkazi, adamangidwa ku Mangochi mu 2021 n'kugamulidwa zaka 8 kundende ya amuna, ndipo pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lidakana pempho lake loti magawo aja athetsedwe.

Maiko oyandikana nafe ali posiyanasiyana. Mozambique idachotsa milandu yotere mu 2015, Zambia ikadali nayo, ndipo South Africa ili ndi lamulo la 2003 lolola munthu kusintha zolembedwa pa chiphaso. Zimenezi zimakopa ana ena kuganiza zothawira ku Johannesburg. Mwana wosakwana zaka 18, wopanda pasipoti, wopanda satifiketi, amakafika m'manja mwa amene adamulipirira ulendo. Mabungwe monga CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance amagwira ntchito ndi anthu a m'magulu amenewa kuno komwe ndipo amadziwa maloya ndi achipatala osanyoza, ngakhale kuti pa mwana wamng'ono nawonso amayenda mosamala.

Kwa inu makolo

Simukupemphedwa kusiya chikhulupiriro chanu kuti muleke kuvulaza mwana. Pakati pa kuvomereza zonse ndi kumutaya pali mtunda wautali, ndipo mabanja ambiri amakhala pakatipo. Mungathe kunena kuti "sindikumvetsa ndipo sindikugwirizana nazo, koma ndiwe mwana wanga, pano ndi kwanu." Mungathe kuletsa abale ake kumutchula mayina onyoza. Mungathe kusiya nkhondo ya diresi la Lamlungu. Musalalikire nkhani yake kumpingo kapena pagulu la WhatsApp la banja, chifukwa mawa mtima wanu ukadzatsika, anthu aja sadzaiwala. Musamuchotse sukulu. Kaya adzakhala ndani, satifiketi idzamudyetsa.

Ndipo muziyang'ana zizindikiro izi: kusiya kudya, kusagona, kudzitsekera, mabala odzicheka pamikono obisidwa ndi juzi ngakhale kukutentha, kugawa zinthu zake, mawu oti "posachedwa mupumula." Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwake, kumamutsegulira pakamwa. Akati inde, asakhale yekha usiku umenewo, mankhwala a m'munda, a makoswe ndi mapiritsi onse a m'nyumba akiyidwe kapena akasungidwe kwa aneba, ndipo m'mawa mupite naye kuchipatala cha boma mukafunse wa zamaganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God, amene amapereka uphungu kwa achinyamata ndi makolo omwe.